Amayi Atatu Pabwalo Limodzi

Sabata ino tulo tandithawa, ndipo mlandu ndikuupereka kwa komputadolo yakale ili pakona m'nyumba mwanga muno.

Ndiyambe ndi atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi. Nthawi ya nkhondo tonse tinathawa kwathu ku Lifidzi, kuno ku Angoniya, kupita ku Dedza. Ife titabwerera, iwo anapitirira ku Joni, ndipo mpaka lero sanapondenso kwathu. Tsopano akudwala. Miyendo yakana, maso nawo akuzima pang'onopang'ono.

Mwana wawo anandiimbira telefoni. "Achimwene, bambo akuti akufuna aone pakhomo pamene anabadwira. Chonde musachedwe, maso akutha."

Ndinatumiza zithunzi zingapo, koma zinangobala mafunso. Kumanzere kwa mkuyuwu kuli chiyani? Phiri lija lili mbali iti? Ndinazindikira kuti mkuluyu sakufuna chithunzi. Akufuna kuima pabwalo n'kutembenuka yekha.

Apa m'pamene ndinakumbukira komputadolo ija. Anandipatsa ku sekeretariya, ofesi ya sukulu ina pafupi ndi Fonte Boa, komwe ndinkaphunzitsa, atafuna kuitaya. Ndi yachimutu ngati dengu, ndipo ikamayaka imalira ngati chigayo. Koma m'kati mwake muli pologalama yosoka zithunzi. Umaima malo amodzi n'kumajambula uku ukutembenuka pang'onopang'ono, chithunzi chilichonse chikugwirako m'mphepete mwa chinzake, mpaka kubwerera pamene unayambira. Iyo imazilumikiza zonse kukhala chimodzi chozungulira. Ukakoka ratu, kachipangizo kotsetsereka pa tebulo kaja, mudzi umazungulira pamaso pako ngati waima pakati pake.

Lamulo lake ndi limodzi: pojambula pasasunthe kanthu.

Ndinakwera shapa, minibasi zathu zija, kupita ku Lifidzi. Ndinati, "Amayi, muime apa pankhokwe, musasunthe mpaka nditamaliza." Anavomera bwinobwino, mpango anakonza. Ndinawajambula, n'kuyamba kutembenukira kukhola. Iwo anali atayamba kundifotokozera za nyemba zawo.

"Iwe, ndikulankhula nawe ukundipatsa nkhongo? Mwambo umenewu wa kusukulu kwanuko?"

Ananyamuka n'kudzaima kutsogolo kwanga. Nditafika pamkuyu, ndinawafulatiranso, iwonso anazungulira. Nanga ndani wa inu angauze mayi ake kuti khalani kumbuyo kwangako, ndili pantchito? Ndinangoti komputadolo ikadziwa chochita.

Inadziwadi. Nditafika kunyumba inasoka zonse, ikubuula, magetsi ndikuwapempherera kuti asathime. Koma chimene chinatuluka ndi ichi. Pabwalo panali amayi atatu. Wa pankhokwe anali wathunthu. Wa kukhola analibe miyendo, akungolendewera m'mwamba. Wa pamkuyu anali mbuu, tsinde la mtengo likuonekera pachifuwa pawo.

Mkazi wanga atasuzumira anagwira pakamwa. "Zimenezi mutumize kwa munthu wodwala? Adzati mlongo wawo anatisiya kalekale, ife tikuwabisira."

Ananena zoona. Kodi si ife amene timabisa maliro kwa wodwala, n'kumamuuza kuti onse ali bwino kumudzi? Atsibweni mwambowu amaudziwa, iwonso anabisirapo ena. Mawu anga angawakhulupirire bwanji, maso awo ataona mlongo wawo ali ngati mzukwa?

Ndinabwerera ku Lifidzi kuti tikajambulenso. Ndinawapeza amayi m'munda, ndipo nditawaonetsa pa telefoni zimene ndinajambula pa galasi la komputadolo anayang'anitsitsa nthawi yaitali. Sanaseke, sanaopenso.

"Ndisiye nyemba zikuthetheka ndikaime ngati chitsa? Tumiza choncho. Kulikonse atembenukire andipeza. Si ine ndakhala ndikusesa bwaloli ndekha zaka zonsezi?"

Ndinabwerera kunyumba n'kutumiza.

Vuto lina linali likundidikira. Chithunzi chija chinakana kutseguka pa telefoni ya ku Joni. Chimazungulira pa komputadolo yanga yokhayi, chifukwa pologalama yake ndi ya makedzana, makina atsopano saidziwa. Ndinachita kugwira telefoni dzanja limodzi kujambula kanema wa galasi la komputadolo, dzanja lina likukoka ratu. Atsibweni sadzatembenuka okha monga ankafunira. Ndawatembenuza ndine, pa liwiro langa, ndipo sindikudziwa ngati ndinaima mokwanira pamene iwo akanafuna kuima.

Apa m'pamene pakundidetsa nkhawa, abale anga. M'nyumba ya amayi muli chithunzi chapepala cha ukwati wa makolo awo, chojambulidwa ku mishoni. Chinapita ku Dedza m'kamtolo ka zovala, chinanyowa, chinabwerako. Lero chimatseguka ndi maso basi. Changachi chimafuna magetsi, chimafuna pologalama imene oipanga ake anaiiwala, chimafunanso makina amene akutsokomola kale. Tsiku limene komputadolo imeneyi idzakane kuyaka, bwalo lathu lidzatsekeredwa m'katimo, amayi atatu onsewo ali momwemo.

Kuno ku Angoniya ndi banja liti lilibe munthu kutsidya kwa malire? Tonse tikutumizirana kumudzi pa telefoni, maukwati, maliro, chimanga chikamasula. Ndani anasindikizapo ngakhale chithunzi chimodzi? Telefoni ikagwera m'madzi timalira mtengo wake, osadziwa kuti nkhope ya malemu yapita nayo.

Kanema uja ndinamutumiza pamodzi ndi mawu akuti, "Amayi ali moyo, ali bwino, akukolola nyemba. Makina ndiwo awachulukitsa."

Yankho silinabwere. Ndikaimba, telefoni ikungoitana. Mkazi wanga akuti mwina ndi redi, netiweki ya telefoni ija, ndidekhe, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene anayambitsa mwambiwu analibe wodwala ku Joni.

Ndikulemba pano telefoni ili pambali pa ratu, ndipo ndikungoiyang'ana. Mwina atsibweni anaona, anaseka, n'kuti mlongo wanga sanasinthe. Mwina anaona wa pamkuyu yekha uja. Mwinanso maso anatha uthenga usanafike.

Koma chimene chikundisowetsa tulo ndi ichi. Mwana wawo uja anakulira ku Joni, koma mwambo wathu anamuphunzitsa. Amadziwa kuti amayi anga ndi okalamba, ndipo mtima wawo si wolimba. Akadzaimba n'kundiuza kuti bambo ali bwino, ine ndidzadziwa bwanji kuti tsopano obisiridwa si ife?