Magazi a Kalipentala

Wometa wa pafupi ndi depoti ya basi ndi munthu wosadziwa kubwereketsa. Lumo lake, mpando wake, ngakhale tsache la mu shopu, salola wina kukhudza. Wameta mitu ya abambo, kenako ya ana awo, ndipo onse amadziwa kuti pampando pake nthabwala zonse zimaloledwa kupatula za mkazi wake.

Mkaziyo atadwala khansa ya m'bere, kuchipatala anamuwotcha ndi makina. Chotupa chinagonja, koma khungu la kunsi kwa khwapa linapsa, linasupuka, n'kusanduka chilonda chokana kupola. Wometayo ndiye ankatsuka ndi kumanga m'mawa uliwonse asanatsegule shopu, ndi manja aja amene sanatemepo khutu la munthu.

Kenako adokotala anati pali njira ina: kutenga magazi, kuwazunguza m'makina, n'kupatula timaselo tija toundanitsa magazi munthu akavulala. Timadzi take tachikasu amapaka pachilonda kuti mnofu umere. Koma magazi a mayiyo anali atafooka ndi mankhwala. Panafunika wopereka.

Wometa anapinda mkono wa malaya nesi asanamalize kulankhula.

"Mumamwa asipirini, bambo?" anafunsa nesiyo.

"Tsiku lililonse. Wa mtima."

"Ndiye anuwa sangatithandize. Asipirini amafoola timaseloti."

Amene magazi ake anayenera anali kalipentala wa kuseri kwa nyumba yawo, yemwe uja anafunsirapo mayiyu ali mtsikana n'kukanidwa. Chilonda chinayamba kuuma. Mayiyo anayamba kugona osabuula, ndipo m'mawa ankaponyera kalipentalayo moni pampanda: "Mwadzuka bwanji, achimwene? Kukuuma ndithu kuno."

Mu shopu makasitomala anaiwala lamulo.

"Akulu, tamva kuti kalipentala wakhoma pamene inu munalephera?"

Wometa anaseka ndi mano okha. Pomanga bandeji ankayang'ana kamnofu katsopano kofiirira, mtima n'kumamuwawa ngati wapeza nsapato za mwamuna wina pakhomo pake. Mwakachetechete anasiya asipirini, kuti ulendo wotsatira wopereka magazi adzakhale iye.

Mkazi wake anazindikira atamuona waima pakati pa masitepe, dzanja lili pachifuwa.

"Bambo a ana, mapiritsi aja mukumwa?"

Wometa anayang'ana kumbali.

"Ndiye mukufuna ndipole kuti ndikhale wamasiye wosalala khungu? Mukumudziwa amene adzakhome bokosi lanu? Ndipo akadzabwera nalo, musaganize kuti adzafulumira kubwerera kwawo."

Wometa anameza piritsi popanda madzi.

Tsiku lopereka magazi litakwana, sanatsegule shopu. Iye mwini ndiye anakagogoda kwa kalipentala, anamukweza basi, ndipo pa benchi yodikirira kuchipatala anadzipanikiza pakati pa mayiyo ndi kalipentalayo, ngakhale kumapeto kwa benchiyo kunali malo.