Tembenuzani Pepalalo, Achimwene

Ndinafika ku Joni chaka chimene kumeneko ndi kwathu komwe kunali zisankho zikuluzikulu, ndipo ntchito yoyamba imene ndinapeza ndi imene ndinakhala nayo zaka zonsezo: ya m'gadeni, panyumba ya mzungu wina ku Benoni. Ndinkagona ku Daveyton, m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachizulu. Kwathu ku Mulanje ndinasiya mkazi amene ndinali nditakhala naye chaka chimodzi chokha, tisanaone ndi mwana yemwe. Ndinamuuza kuti ndikakhala zaka ziwiri, ndikapeza malata ndi makina osokera, basi ndabwera.

Kulemba kunayamba ndi zinyalala. Tsiku lina dona wa panyumbapo anataya makope akale a ana ake, ambiri olembedwa theka lokha. Ndinawatola m'bini, kung'amba masamba olembedwawo, otsala n'kuwasoka pamodzi ndi ulusi wa thumba la feteleza. Sukulu ndinalekezera Sitandade 8, koma zilembo zanga ndinkazinyadira kuposa nkhope yanga, ndipo amene anandiona nkhope angavomereze kuti ndinasankha bwino.

Nthawi ya nkhomaliro ankandipatsa masilayisi anayi a buledi ndi tiyi wa m'chitini. Ndinkadya mothamanga, kusamba m'manja pampopi wa panja, n'kukhala pa chigubu cha penti kuseri kwa garaja, kope pabondo. Pamwamba ndinkalemba tsiku. Kenako mzere umodzi kapena iwiri yodziweruza ndekha: lero ndamenya galu wa eni ake ndi payipi popanda chifukwa, lero ndanama m'tekisi kuti kwathu ndi ku Giyani, dera la m'dziko lomwelo, lero ndasirira nsapato za munthu. Ndinkafuna kubwerera kwathu ndili munthu wabwinoko kuposa amene anachoka. Koma mizere imeneyo ikatha, tsamba lonse lotsala linali la mkazi wanga.

Ndinkamulembera ngati wakhala pambali panga. Ndinamuuza za chisanu cha mu Juni chimene chimayeretsa udzu mbuu, n'kumathyoka ukaupondapo. Ndinamuuza za mapiri achikasu a dothi la m'migodi, amene samera mtengo. Ndinamudandaulira kuti kuno udzu timauthirira, kuudyetsa feteleza, kuumeta, n'kukautaya, pamene mbuzi za amayi ake zikudya makungwa. Ndipo ndinkamuuza zinazo, zimene mwamuna amanena ndi mawu otsitsa. Kuti ndikamva mkazi akuseka kuseri kwa mpanda ndimaimitsa fosholo. Kuti ndimakumbukira m'mene ankabisira pakamwa ndi nsonga ya chitenje ndikamuyamikira. Kuti ndamusowa, mpaka m'chifuwa mumachita kuwawa ngati ndameza fupa.

Zimenezi sizinalowe m'kalata ngakhale imodzi, ndipo chifukwa chake aliyense wa kwathu akuchidziwa. Mkazi wanga sankawerenga. Kalata ikafika, yotengedwa ndi bambo wina wa lole amene ankanyamula katundu wa majoni, ankapita nayo kwa mchimwene wake wamkulu, mlamu wanga, amenenso anali nkhoswe yake. Iyeyo ankaiwerenga mokweza pakhonde, apongozi anga ali pamphasa pomwepo, azakhali ndi ana atazungulira. Ine ndinali mkamwini pamudzipo, munthu amene ndinkapatuka njira ndikaona apongozi akubwera. Ndiye ndilembe za nsonga ya chitenje, zituluke pakamwa pa mlamu wanga, zikagwere m'makutu a apongozi? Komanso mlamuyo anali ndi pakamwa ngati wailesi. Ndinkadziwa kuti mawu anga achikondi akafika pabawo dzuwa lisanalowe.

Choncho makalata anga ankakhala a mizere isanu. Moni kwa amayi, kwa azakhali, kwa onse. Ine ndili bwino, kaya inu kumeneko. Ndatumiza bulangeti limodzi, sopo ndi mapoto awiri. Chimanga musagulitse. Ndine wanu. Zinazo ndinkati ndidzamuwerengera ndekha ndikadzafika, tili awiri m'nyumba, tsamba ndi tsamba, ngakhale zitenge mwezi. Maganizo amenewo ndinkawaona anzeru kwambiri, moti ndinkadziyamikira nawo.

Kopelo linandithandiza, sindingakane. Ndinasiya kupsa mtima msanga. Mowa wa Loweruka ndinauleka, chifukwa ndinkachita manyazi kuulemba Lolemba. Koma linachitanso china chimene ndinachizindikira mochedwa. Ndikalemba, mtima unkapepuka, ndipo ndinkabwerera ku maluwa ngati munthu amene wacheza ndi mkazi wake. Mnzanga wina wa ku Phalombe, amene tinkagona chipinda chimodzi, sankadziwa kulemba ndi dzina lake lomwe. Iye kusowa kwa mkazi wake kunalibe kolowera. Ankangokhala pakhomo ndwii, chakudya osachikhudza, ndipo zaka ziwiri zisanathe ananyamuka ndi wailesi imodzi ndi chikwama. Ndinamuseka kuti ndi wofooka, ndipo m'kope ndinalemba kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Lero ali ndi zidzukulu ndi mkazi yemweyo.

Zaka ziwiri zinasanduka zitatu, zitatu n'kukhala zisanu. Ndinalibe mapepala, ndiye ndinkaopa kuti ndikatuluka sindidzalowanso. Makina osokera ndinagula, koma ndinaona kuti kubwerera opanda njinga n'kudzichotsa ulemu. Njinga itapezeka ndinayamba kuganiza za zitseko. Makope anafika asanu ndi awiri, ndipo ndinkawasunga m'pulasitiki pansi pa matiresi kuopa kudontha kwa denga.

M'nyengo yozizira ya chaka chachisanu, mlamu wanga uja anatulukira ku Daveyton, naye kudzasaka ntchito. Ndinakamupeza pa renki, pokwerera matekisi, atavala patapata, milomo itang'ambika ndi mphepo. Ndinamupatsa jekete langa, kumuphikira, kumufunsa za kumudzi. Anayankha za mvula, za maliro, za mlatho umene unakokoloka. Ndikafunsa za mlongo wake ankangoti ali bwino, maso ali m'mbale. Munthu wolongolola uja anakhala masiku atatu akuyankhula ngati mawu akugula.

Lamlungu masana ndikuchapa maovolosi m'beseni kuseri kwa nyumba, anabwera n'kukhala pa njerwa pafupi nane. Anayamba ndi kunena kuti sanabwere ngati mlamu chabe, wabweranso ngati nkhoswe. Ndinasiya kuchapa. Anati mlongo wake wadikira mokwanira, anzake amene anavinidwa nawo limodzi ali ndi ana awiriawiri, ndipo akupempha kuti ndimulembere kalata yomumasula. Pali mwamuna wina, kalipentala wa pamsika, amene anafunsira mwaulemu ndipo akuluakulu anamumva.

Ndinakwiya, ndipo ndinayankhula zambiri zimene sindikuzinyadira. Ndinatchula mabulangeti, mapoto, nsalu, zonse zimene ndinatumiza. Ndinafunsa ngati panali mwezi umene anagona ndi njala chifukwa cha ine. Mlamu wanga anandisiya mpaka mpweya unandithera.

Kenako anati, "Alamu, katundu ankafika, palibe akukana. Koma mukudziwa zimene ankachita ndikamaliza kuwerenga kalata yanu? Ankadikira anthu abalalike, n'kubwera nayonso kwa ine. Amvekere, tembenuzani pepalalo, achimwene, mwina kuseriko kuli mawu ena. Ndikatembenuza, koyera."

Anati zinkachitika kalata iliyonse, zaka zonsezo. Ulendo wina anamumvera chisoni n'kupeka yekha, kuti apa alemba kuti akukusowa kwambiri. Mlongo wakeyo anamuyang'ana n'kumuuza kuti asamunamize, chifukwa ponena mawu amenewo maso ake sanali papepala. Chichokereni tsiku limenelo sanapemphenso kuti atembenuze.

Ndinalowa m'nyumba manja ali ndi thovu, kukweza matiresi, n'kutulutsa pulasitiki ija. Mlamu wangayo ndinamuponyera pamiyendo makope onse asanu ndi awiri. Sindikudziwa ngati ndinkafuna kudziteteza kapena kumulanga. Anatsegula loyamba, kuwerenga chamumtima milomo ikugwedera, n'kutenga lina. Ine ndinaima potero ngati mwana wa sukulu amene akumuchongera mayeso. Ndinkadikira kuti aseke, chifukwa kuseka kwake ndi kumene ndinakhala ndikukuthawa zaka zisanu. Sanaseke. Anafika patsamba lina n'kutseka kopelo, kupukuta m'maso ndi mkono wa jekete langa lomwe.

"Mwalakwa, alamu," anatero. "Izi mukanalemba m'kalata ndikanawerenga. Ndikanawauza amayi kuti akaone mbuzi, ine n'kumuwerengera yekha kuseri kwa nkhokwe. Kukusekani ndikanakusekani ndithu, mwina sabata yathunthu. Nanga munthu amafa ndi kusekedwa?"

Ndinamufunsa ngati nditanyamuka mawa lomwelo zingasinthe kanthu. Anapukusa mutu, nandiuza chimene anasunga kumapeto: mlongo wake anali kale ndi pathupi pa miyezi inayi, ndipo chimene ankafuna kwa ine n'chakuti mwanayo abadwe nkhani zitakonzeka. Ndinakhala pansi, pa dothi lonyowa ndi madzi ochapira, ndipo ndinalira pamaso pa mlamu wanga ngati mwana. Mayi mwini nyumba anasuzumira pazenera n'kufunsa m'Chizulu kuti wamwalira ndani. Mlamu wanga Chizulu sankachimva, ine ndinangopitiriza kulira.

Sabata imeneyo sindinalembe kanthu. Nthawi ya nkhomaliro ndinkakhala pa chigubu chija n'kumawerenga makope akale kuyambira poyamba. Ndinapezamo munthu amene ankadziweruza pa galu, pa mowa, pa mabodza a m'tekisi, koma osadzifunsa ngakhale kamodzi kuti mkazi amene akumulemberayu akumva chiyani kumene aliko. Ine ndinkacheza naye tsiku ndi tsiku. Iye ankalandira moni wa onse ndi malangizo a chimanga. Chinandipweteka kwambiri n'chakuti sindinamunamizepo, sindinayang'anepo mkazi wina, ndipo zonsezo sizinamufikire.

Bambo wa lole uja ankanyamuka Loweruka. Lachisanu ndinaweruka msanga, ndinalemba kalata yomumasula, yoti ikawerengedwe pamaso pa ankhoswe a mbali zonse. Ndinanena kuti sindikumusungira mlandu, ndi kuti makina osokera ndi ake. Nditamaliza ndinang'amba masamba khumi m'makope, amene ndinkawaona okoma kuposa onse, n'kuwapinda kuti alowe mu envulopu yomweyo. Ndinkati ngakhale zatha, adziwe kuti sanadikire mtengo wouma.

Mlamu wanga anandigwira dzanja. Anandikumbutsa kuti iye tsopano ali ku Joni kuno, sali pakhonde kumudzi.

"Mukuganiza kuti akamuwerengera ndani?" anafunsa. "Kalipentala uja anafika Fomu 2. Makalata onse a pakhomopo amawerenga ndi iye masiku ano."

Ndinayang'ana masambawo kwa nthawi yaitali. M'maganizo ndinaona mkazi wapathupi atakhala pamphasa, mwamuna wake akumuwerengera mawu anga mmodzimmodzi, iye akusowa poyang'ana. Ndinawatulutsa mu envulopu, kuwawongola pabondo, n'kumata kalatayo ili yokha. Mamawa ndinakaipereka kwa bambo wa lole, ndipo ndinathandiza anyamata ake kukweza makina osokera, ndikuwachonderera kuti awamange bwino asakafike othyoka.