Pepala Lomwe Makina Anameza

Anzanga, munthu ameneyu ndinakumana naye chifukwa cha photocopier yokalamba.

Ndimagwira ntchito pa shopu ya stationery ya azakhali anga. Tsiku lina kunalowa mnyamata wa magambutsi amatope, chikwama chitadzadza timabotolo ta madzi.

"Asisi, makope makumi atatu a fomu iyi. Mwachangu please."

Ndinadina batani. Makina anameza pepala loyamba n'kungoti zii.

"Kodi makinawa ndi amsinkhu wa agogo anu?" anandiseka.

"Inu yambani mwapepesa, mwandidetsera simenti!"

Ndinasolola pepala lokwinyikalo n'kuliponya mu katoni ya pansi pa tebulo. Azakhali salola kutaya pepala, amati kuseri kwake kukadali ntchito.

Basi, anayamba kubwera daily. Ndinamutcha Wamabotolo, poti ntchito yake inali yotunga madzi mumtsinje n'kukawayeza. Ankagwirira kampani yomwe inkafuna kumanga fakitale yogaya mitengo yopangira mapepala kumtunda kwa mtsinje wathu. Kumunsi kwake ndi komwe kuli maiwe anayi a nsomba a bambo anga. Dera lonse linkakana, poopa madzi a mankhwala.

"Ukudziwa kuti ndiwe wa adani?" ndinamufunsa tsiku lina.

"Ine ndimangoyeza madzi, babe. Mtima wanga uli kumunsi kuno."

Eish... ndinagwa chagada, anzanga. Anaphunzira kukonza makina athu aja. Anayezanso madzi a m'maiwe a bambo mwaulere, mpaka bambo, munthu wouma mtima uja, anamusekerera.

Kenaka kampani inaitanitsa msonkhano ku holo ya sukulu. Anthu anabwera atapangana kale kuti sasaina kanthu.

Wamabotolo anandinong'oneza, "Ndithandize. Ndi attendance chabe, yongosonyeza kuti munabwera."

Fomuyo ndinkaidziwa, ndi ija ndinaikopa ndekha. Ndinayenda nayo mzere ndi mzere.

"Sainani amayi, musaope. Ine ndingakupusitseni?"

Osadziwa kulemba ndinawadinditsa chala. Bambo ndi omwe anayamba kusaina.

Patatha mwezi lipoti la kampani linatuluka. Masiginecha athu onse anali kumapeto, koma pamwamba mutu utasintha: "Anthu ovomereza ntchitoyi."

Anzanga, ndinalakalaka nthaka itandimeza! Amayi a pamsika anasiya kundiyankha moni. Bambo sanandikalipire, anangoti, "Mwana wanga, ine ndinasaina chifukwa cholembera unandipatsa ndiwe."

Bola akanandimenya.

Wamabotolo atabwera ku shopu ndinamufunsa, "Unkadziwa?"

"Sindinkadziwa. Koma nditaona lipotilo ndinakhala chete... ndinaopa kuchotsedwa ntchito."

"Tuluka."

Ndinamublocka paliponse. Ndinalira milungu iwiri, maso ngati a munthu wosenda anyezi.

Tsiku lina azakhali anatopa nane.

"Iwe, misozi sigulitsa malonda. Dula mapepala a mu katonimo, tipange tima notepad."

Ndinakhuthula katoni yonse. Pansi penipeni... pepala lokwinyika lija! Chizindikiro cha kampani, tsiku la msonkhano, ndipo pamwamba palembedwa bwinobwino: Attendance Register.

Sabata yotsatira akuluakulu oona za chilengedwe anabwera kudzamva madandaulo athu mu holo yomwe ija. Ndinaimirira n'kulikweza m'mwamba pepalalo.

Loya wa kampani anaseka. "Mtsikanayu amagwira ntchito pa shopu ya photocopy. Akhoza kupanga pepala lililonse."

Ndinamva kuti zanga zada.

Kenaka kumbuyo kunalira mpando. Magambutsi aja.

"Fomu imeneyo ndinapita nayo ndine kukakopetsa," anatero Wamabotolo. "Anthuwa sanavomere chilichonse. Ndinawauza ndekha kuti ndi attendance."

Bwana wake anamuyang'ana ndi diso loti nkhuku ikhoza kufa. Koma iye sanakhale pansi.

Akuluakulu aja analibweza lipoti la kampani. Msonkhano uchitikanso, ndipo nkhani ya fakitale sinathe, koma pano mawu athu akumveka. Amayi a pamsika ayambiranso kundiyankha moni. Bambo anandituma kukadyetsa nsomba, komwe ndi kukhululuka kwawo.

Wamabotolo ntchito inamuthera tsiku lomwelo.

Sitinabwererane, anzanga, musafulumire kuimba nthungululu. Bala likadali laliwisi. Koma dzulo anatulukira ku shopu, wopanda mabotolo, atanyamula CV.

"Asisi... makope asanu."

Ndinapanga asanu ndi limodzi. Limodzilo ndinaliponya mu katoni.

"Nanga ilo ndi lachiyani?"

"Kukonda ndimakukondabe," ndinamuyankha. "Koma masiku ano pepala lililonse la iwe, kope ndimasunga."

Anaseka mpaka misozi. Asanatuluke anapukuta matope ake pa simenti, osauzidwa.