Malaya a pinki amene ndinawakana

Malaya a pinki aja ndinasankha ndekha pa kaunjika ku Old Town, ndipo ndinkawakonda. Nditangolowa nawo mu ofesi ku City Centre, a Banda, anzanga akuntchito, anaseka.

"Achimwene, mwabwereka bulauzi ya alamu?"

Ndinachita manyazi, n'kunama. "Anali oyera awa. Mayi akunyumba anachapira limodzi ndi chitenje chofiira."

Sindinawavalenso. Chondinyansa n'chakuti lero a Banda omwewo akutchena pinki, anthu n'kumawayamikira, anga akufwifwa m'sutikesi.

Tsiku lina ku ukwati, mayi wina wa ku ofesi anakokera mkazi wanga pambali. "Asisi, zoyera muzichapa pazokha."

Pobwerera mkazi wanga anandifunsa kuti mayi uja amatanthauzanji. Ndinati sindikudziwa.