Tsiku Limene a Clifford Anatsikira ku Diggle

A Clifford Hirst sanakwatirepo, sanawolokepo nyanja, ndipo mufakitale ya nsalu ya kwawo ku Marsden anagwiramo ntchito zaka makumi atatu osakwezedwa ngakhale kamodzi. Chawo chinali chimodzi basi: njira. Lamlungu lililonse, kaya mvula kaya dzuwa, ankatsogolera anzawo pa ulendo wozungulira. Ankayambira pamene ngalande ya mabwato imalowera pansi pa phiri, n'kukwera kudutsa m'mabusa a nkhosa, kukadyera buledi pamwamba, kenako n'kutsika ndi njira ina mpaka kufika pomwe anayambira. Mapu ankawanyoza, amvekere amenewo ndi a alendo.

Kale gululi linkakwana anthu makumi awiri. Ena maondo anawakana, ena anatsogola kumanda, moti chaka chimenechi anatsala atatu: iwowo, a Wilf amene anakulira nawo mumsewu umodzi, ndi mayi Maureen, amasiye olongolola omwe ankanyamula fulasiki ya tiyi.

Chimene a Clifford ankabisa n'chakuti mutu wawo unali utayamba kudontha. Tsiku lina ketulo anaipeza mufiriji. Dzina la mlongo wawo linawathawa kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Koma ankadzilimbitsa mtima kuti njira ili m'mapazi, osati m'mutu, ndipo ankadziwa kuti ikadzawathawa imeneyo ndiye kuti munthu watha.

Lamlungu limenelo kunacha bwino, kopanda ngakhale nkhungu yoti munthu anamizire. Anakwera bwinobwino, n'kukhala pamiyala pamwamba.

"Mdala iwe, buledi wakoyu akununkha ngati masokosi anga," anatero a Wilf.

"Ndiye idya masokosiwo, usiye kusuzumira wanga."

Atamwa tiyi, a Clifford anaimirira kuti atsogole. Anayang'ana uku ndi uku: udzu wofiirira mbali zonse, tinjira tiwiri patsogolo pawo. Phiri limene analiponda kuyambira ali mwana linangokhala lachilendo. Mantha anawagwira. Kufunsa? Bola kufa. Anatenga kanjira ka kumanzere, akuponda mwamphamvu ngati munthu wodziwa kumene akupita.

Kumbuyo kunali zii. Ngakhale mayi Maureen, amene pakamwa pawo sipapuma, anangoyenda chinunu.

Patapita ola limodzi anaona madzi akuda a ngalande m'munsi, ndi nyumba zamiyala zitandandalikana m'mbali mwake. Mtima unakhala pansi. Anasangalala ngati mwana, mpaka kuyamba kuimba likhweru.

"Tiyeni, nkhalamba inu! Mowa ukutidikira!"

Analondola ngalandeyo mpaka pamene imalowera m'phiri, pomwe m'mawa a Wilf anaimika galimoto. Panalibe kanthu.

"Wilf, galimoto yako aba! Akuba a masiku ano alibe manyazi, mpaka chiphapha ngati chimene chija?"

Palibe anaseka. Mayi Maureen anawagwira pamkono.

"A Cliff, kuno ndi ku Diggle. Tatsikira kuseri kwa phiri. Galimoto ili kwathu uko."

A Clifford anayang'anitsitsa. Ngalande inali yomwe ija, pajatu imalowa uku n'kukatulukira uko, koma nyumbazo sizinali za kwawo. Ulendo wozungulira unali utathera m'mudzi wa eni, ndipo wotsogolera anali iwo. Manyazi anawawotcha nkhope.

"Munadziwa liti?"

"Pamwamba pomwe paja," anayankha mayi Maureen.

"Nanga osanena bwanji? Mwandisandutsa chidole?"

Amene anayankha anali a Wilf.

"Sabata yatha tinanena, amwene. Pamalo omwe aja. Unakhala pansi n'kulira. Ndiye lero tinagwirizana kuti tingokutsatira."

Sabata yatha. A Clifford anafufuza m'mutu monse, ngodya ndi ngodya, koma sanapezemo kanthu. Kulirako kunalibemo, ngakhale Lamlungu lenilenilo.

Anadikira basi atakhala pakhoma, aliyense akuyang'ana kwake. Mayi Maureen anatsanula tiyi wotsala, wozizira kale, koma a Clifford sanamulandire. Basi itatulukira pakona, a Clifford anakoka a Wilf malaya n'kulankhula motsitsa mawu kuti mayiwo asamve.

"Wilf, tikafika usandisiye pasiteji. Undiperekeze mpaka pakhomo."