Pulazima ya Bambo

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi aphunzitsi anga a masamu a ku Mandimba. Anandiuza kuti ku Cuamba kuli enjenyeru wina, a Saide, amene akufuna womuthandiza pa kompyuta. Ndinapita, ndipo anandilemba mondiyesa kaye.

Ofesi yake chinali chipinda chimodzi kuseri kwa sitolo. Ntchito yathu inali ya pulazima, ndiye kuti gasi wotenthetsedwa ndi magetsi mpaka kutentha kuposa pamwamba pa dzuwa. Ufa wa chitsulo ukathiridwa m'lawi limenelo umasanduka nthunzi, ndipo nthunziyo ikaziziritsidwa mwadzidzidzi ndi gasi wozizira imabala tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Makina enieniwo anali kunja kwa dziko. Ife tinkangouza kompyuta kukula kwa ufa, mphamvu ya magetsi ndi liwiro la gasi wa aligoni, iyo n'kumawerengetsa masiku angapo osapuma kuti tidziwe ngati ufawo usungunuke wonse kapena wina udutse wauwisi. Ndinkaikonda ntchitoyo. Kutentha kwa Cuamba, fani yolira ngati njinga yopanda mafuta, ndimazikumbukabe.

Koma kwathu ku Ngauma pulazima ndi wailesi ya kanema yopyapyala ija. Bambo anga atangomva liwulo anafalitsa mudzi wonse kuti mwana wawo wamkazi akukonza mapulazima m'tauni.

Tsiku lina kompyuta inali pafupi kumaliza mawerengero amene eni makina ankadikira, omwenso a Saide akanandiweruzira ngati ndikhale kapena ndibwerere kumudzi. Ndinatuluka kukagula buledi. Pobwera ndinapeza bambo ali m'chipindamo, thukuta kamukamu. Anali atanyamula pulazima ya mnansi wawo, panjinga mpaka kumsewu, kenako pa minibasi imene kwathu timati shapa. Pofuna kundionetsa kuti siikuyaka, anazula chingwe cha kompyuta pakhoma n'kulumikiza chawo.

Kompyuta yathu inkasunga zotsatira pamapeto pokha, ndiye zonse zinapita. Ndisanatsegule pakamwa a Saide analowa. Anayang'ana kompyuta yozima, anayang'ana chingwe, kenako anapereka moni kwa bambo ndi manja awiri, n'kuwafunsa za ulendo ndi za mvula. Kwa ine anangoti chapansipansi, "Yambitsaninso, koma muiuze izisunga pang'onopang'ono. Mukatero afotokozereni bambo ntchito yanu."

Ndinawakhazika bambo pampando, n'kuwaonetsa chithunzi cha lawi, pakati pofiira m'mbali mobiriwira, ndi njira imene ufa umadutsa. Anamvetsera mpaka kumapeto. Atazindikira zimene anachita anavula chipewa, n'kufunsa a Saide ngati andichotsa. A Saide anawayankha kuti munthu amene wangophunzira kumene kusunga ntchito yake sangamutaye. Bambo anapuma, kenako ananditembenukira.

"Nanga kumudzi ndikanena chiyani, mwanawe?"

Ndinanyamula pulazima ija kupita nayo kwa wokonza wa kumsika, ndipo madzulo inayaka. Bambo anabwerera nayo ataikulunga m'chitenje, ataikumbatira.

Lero ndimaphunzitsa ena ntchitoyi, ndipo choyamba ndimawauza kuti azisunga kawirikawiri, ndiponso kuti aziuza a kwawo zimene amachita m'mawu akwawo. Koma za amene anakonza pulazima ija, bambo sanaulule mpaka anamwalira. Kumudzi ankangoti ndinakonza ndine, ndipo ine sindidzawatsutsa.