Mphira ya a Tenesi

A Tenesi anakulira ku Nchenachena akucheka matabwa. Sukulu anaisiya msanga, tchalitchi sanajombepo. Mabenchi ena a m'tchalitchimo ndi matabwa amene iwo anatsitsa m'phiri pa phewa. Ntchito imeneyo ndiyo inawasiyira chotupa m'munsi mwa mimba, m'mphechepeche. Chikatuluka ankagona chagada n'kuchikankhira m'kati, kenako n'kumanga ndi mphira ya chubu cha njinga. Anakhala nacho chotero mpaka imvi.

Akazi awo atamwalira, mwana wawo Gordon ali ku Joni, pakhomo panatsala mkazi wa Gordon, Wezi. Mkamwana ndi apongozi aamuna sayang'anana kumeneko. Wezi ankasiya chakudya pakhonde atagwada, nkhope kumbali. Mphira ija ankaiona pachingwe ikachapidwa, ndipo ankadziwa ntchito yake. Mudzi wonse unkadziwa, koma pakamwa chete.

Tsiku lina chotupa chinakana kubwerera. A Tenesi anayamba kusanza, mimba inafufuma. Wezi anapita nawo kuchipatala chaching'ono. Dokotala wake anali wa ku Mulanje, Chitumbuka osadziwa, ndipo Chichewa cha a Tenesi chinali cha moni basi. Womasulira anakhala Wezi.

“Afunseni, chimbudzi achita liti? Akuphwisa? Pali potupa paliponse?” anatero dokotala.

Wezi anayang'ana pansi. Mawu otero angawauze apongozi? Maso ali kukhoma, anangofunsa m'Chitumbuka ngati adada akupezako bwino.

“Makora chomene,” anayankha a Tenesi, dzanja lili pa lamba.

“Akuti palibe vuto,” anatero Wezi.

Mzere panja unali wautali. Dokotala anadina mimba pamwamba pa lamba, nawapatsa mankhwala oletsa kusanza. A Tenesi anathokoza, anati yewo.

Kutacha, masanzi anali obiriwira, onunkha. Anawanyamula pa machira kubwerera komweko. Dokotala anafunsanso mafunso omwe aja. Apa Wezi sanamasulire. Anawayang'ana a Tenesi m'maso, koyamba chikwatiwire pakhomopo.

“Adada, vulani. Muonetseni.”

Anavula. Chotupacho chinali cholimba ngati mwala, khungu litada, ndipo dokotala atangokhudza a Tenesi anakuwa. Dokotala ananena motsitsa kuti thumbo lapanika, magazi sakufikako, chakudya sichikudutsa. Anayamba kunena kuti akanachiona dzulo lija, koma mawuwo sanawamalize.

Ambulansi inavutika ndi matope a msewu. Ku boma anawang'amba, napeza thumbo litawola kale. A Tenesi sanadzuke.

Pamaliro abusa anayamika Wezi kuti anali mkamwana waulemu, wosakweza maso. Azimayi pamaliropo anavomera. Wezi sanalire, sanamve kanthu.

Patapita masiku akusesa m'chipinda cha apongozi ake, anapeza mphira ina pansi pa mphasa. Inali yolimba bwinobwino. Madzulo ake anamangira nkhuni mphirayo.